Innerspeaker: chimbale cha gulu lomwe lidali munthu mmodzi

Pa 21 Meyi 2010, m'masitolo ogulitsa nyimbo ku Australia mudafika chimbale chatsopano chotchedwa Innerspeaker. Pachikuto pake padalibe nkhope ya munthu, padangokhala mapiri, mitengo ndi mitambo basi. Eni chimbalecho ankadzitcha Tame Impala. Manyuzipepala ndi mawailesi adalitenga dzinali ngati la gulu la anyamata a mumzinda wa Perth, ndipo sitingawanene, poti pazithunzi pankaoneka anyamata angapo atsitsi lalitali, ndipo pansanja ankakwera onse pamodzi, wina wosavala ndi nsapato zomwe. Koma munthu wofatsa nacho chikutocho, n'kuwerenga timalemba ta m'kati tosonyeza kuti uje adaimba chakuti, ankangokumana ndi dzina limodzi. Wopeka nyimbo, Kevin Parker. Woimba, Kevin Parker. Gitala, besi ndi ng'oma, iye yemweyo. Anzake awiri, Dominic Simper ndi Jay Watson, adangoikapo dzanja apa ndi apo pa nyimbo zowerengeka mwa nyimbo 11 za m'chimbalecho.

Parker panthawiyo adali ndi zaka 24. Lero dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi a Rihanna, Lady Gaga ndi Dua Lipa, omwe adaimbapo nyimbo yake kapena kugwira naye ntchito mu situdiyo. Mu 2010 adali mnyamata wamanyazi wongosiya sukulu panjira, yemwe ankaona kuti bola kubisala kumbuyo kwa dzina la gulu kusiyana n'kuimirira poyera n'kunena kuti zonsezi ndapanga ndine.

Nkhani yake imayambira pa mapu. Perth ali kugombe la kumadzulo kwa Australia, moyang'anana ndi nyanja yamchere ya India, pomwe mizinda ikuluikulu ya dzikolo, Sydney, Melbourne ndi Brisbane, ili kum'mawa. Pakati pawo pali chipululu chosaneneka. Mzinda waukulu woyandikana ndi Perth ndi Adelaide, womwe uli pamtunda wa makilomita oposa 2,000, ndipo kuchoka ku Perth kupita ku Jakarta m'dziko la Indonesia n'kufupi kusiyana ndi kupita ku Sydney. Makampani a nyimbo ndi atolankhani ambiri olemba za oimba ali kum'mawa komweko. Gulu la ku Melbourne likhoza kupakira zida m'galimoto Lachisanu, kukaimba ku Sydney Loweruka, Lamlungu n'kugona kwawo. La ku Perth liyenera kugula matikiti a ndege ya maola anayi, apo ayi kukhala masiku angapo pamsewu.

Kale oimba a kumadera otalikira otere ankangosamuka. The Triffids, gulu lomwe lidayambira mu Perth momwemo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, lidapita ku Sydney kenako ku London, komwe lidakajambula chimbale chake chotchuka cha 1986. The Go-Betweens a ku Brisbane nawo adakathera ku London. Anzawo a ku Brisbane komweko, The Saints, adaona mu 1976 kuti palibe kampani yowafuna, adasonkha ndalama zawo n'kudzitulutsira okha nyimbo yoyamba, ndipo chaka chotsatira adakwera ndege ya ku England. Mtima umenewu, wodzipangira wekha nyimbo osadikira kampani yaikulu kuti ikuuze zoimba ndi zovala, ndiwo anthu amatanthauza akamati gulu lakuti ndi la indie. Poyamba dzinali linkanena za tikampani ting'onoting'ono toima patokha. Kenako lidayamba kunenanso za kamvekedwe: magitala osakongoletsedwa kwambiri, oimba ovala ngati akupita kumsika, ndi nyimbo zosathamangira kukondweretsa aliyense.

Parker adabadwira ku Sydney mu Januwale 1986 koma adakulira ku Western Australia, chigawo chomwe kuli Perth. Makolo ake adachokera kuno kumwera kwa Africa, bambo ku Zimbabwe, mayi ku South Africa, ndipo banja lawo lidatha iye adakali wamng'ono. Bambo ake ankagwira ntchito yowerengera ndalama, koma akaweruka ankaimba gitala, ndipo ndi iwo adamuphunzitsa kugwira nsambo. Mwanayo ankaimba gitala yotsatira, bambowo akutsogolera nyimbo za gulu lakale la ku Britain la The Shadows.

Chida chake choyamba komabe chidali ng'oma, zomwe adayamba kuphunzira ali ndi zaka 11. Posakhalitsa adatulukira kanthu komwe aliyense wokulira m'nthawi ya makaseti angakamvetse msanga. Adapeza matepi rekoda awiri. Ankajambula ng'oma pa kaseti yoyamba, kenako n'kuiseweretsa kasetiyo uku akuimba kiyibodi, rekoda yachiwiri ikujambula zonse ziwiri pamodzi. Akatero ankasinthanitsa makasetiwo n'kuwonjezera chida china, n'kusinthanitsanso, mpaka nyimbo itadzaza. Kusintha kulikonse kunkabweretsa kaphokoso kosokosa kaja ka kaseti yokopedwa kambirimbiri, ndipo zida zoyamba kujambulidwa zinkamveka mofooka, koma mwanayo zimenezo sadazilabadire. Adali atapeza njira yoimbira limodzi ndi iye mwini, popanda kupempha munthu kuti abwere, popanda womuseka akalakwitsa.

Ali ndi zaka 16 adapeza kamakina kojambulira mawu ka Boss BR-864, konyamulika m'manja, kotha kusunga mizere 8 ya mawu payokhapayokha. Kwa munthu wozolowera matepi awiri aja uku kudali kulemera. Ng'oma zikhale pamzere wake, besi pake, magitala pawo, mawu pawo, ndipo cholakwika chimodzi uchikonze osagwetsa zinazo. Kamakina kameneka adakhala nako mpaka nthawi ya Innerspeaker.

Bambo ake, ngakhale ankakonda nyimbo, adamutsina khutu kuti asadzayese kudyera kuimba, poti chinthu chokoma chikasanduka ntchito chimatha kukoma. Mwanayo adamvera. Adalowa yunivesite kukaphunzira zauinjiniya, zitamukanika kukonda adasinthira ku sayansi ya nyenyezi ndi zakuthambo. Koma mtima wake sudali m'kalasi. Ankakhala m'nyumba ya lendi ndi anyamata anzake oimba, ndipo anyamatawo ankabwerekana zida, kubwerekananso anthu: wa ng'oma wa gulu ili mawa ndi wa gitala wa gulu lina. Mwa iwo mudatuluka gulu la Pond, lomwe Jay Watson ndi Nick Allbrook akuimbamo mpaka lero. Apa ndi pomwe kutalikira kwa Perth kudawathandiza. Poti palibe bwana wa kampani yemwe ankabwera kudzawaonera, ankaimba zomwe zawakomera, kaya nyimbo itenge mphindi khumi, kaya anthu m'bala akhale asanu.

Parker adali ndi kagulu kake kotchedwa The Dee Dee Dums, komwe kankaimba m'mabala ndi m'mipikisano ya magulu a ophunzira. Chakumapeto kwa 2007 kaguluko kadatenga dzina latsopano, Tame Impala, impala yake ikhala nswala yathu yomweyi. Nyimbo zomwe Parker ankajambula kuchipinda kwake adaziika pa MySpace, tsamba la pa intaneti lomwe masiku amenewo oimba ankaikapo nyimbo zawo Facebook isanalande malo. Nyimbozo zidafika komwe mwini wake sakadatha kufika ndi ndalama za m'thumba mwake. Kampani ya Modular Recordings ya ku Sydney, yomwe idali itatulutsa kale zimbale za The Avalanches, Wolfmother, Cut Copy ndi The Presets, idazimva n'kufuna zina.

Parker amasimba kuti foni ya Modular idamupeza ali pagalimoto, akupita kukalemba mayeso ake omaliza a zakuthambo aja. Atamva kuti akufuna kumulemba, adakhotetsa galimoto n'kubwerera kunyumba. Mgwirizano udasainidwa pakati pa chaka cha 2008. Patapita zaka adaulula kuti sadawauze zoona akuluakulu a kampaniyo. Iwo ankaganiza kuti akulemba gulu la anthu atatu, osadziwa kuti ng'oma, besi ndi magitala omwe adawamva pa intaneti paja zidaimbidwa ndi manja a munthu mmodzi.

Pamenepa pali kachinthu koseketsa. Modular inkadziwika ngati kampani ya indie, koma idali itamanga kale ubale wa zamalonda ndi Universal, imodzi mwa makampani akuluakulu a nyimbo padziko lonse. Magulu ambiri otchedwa indie masiku ano ali chimodzimodzi, ndipo nkhani ya ndalama, monga tionere kutsogoloku, imadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Mu Okutobala 2008 kadatuluka kachimbale kakang'ono ka nyimbo zochepa, ndipo wailesi ya triple j idakalandira ndi manja awiri. Wailesi imeneyi ndi yofunika kwambiri pa nkhani ya gulu lililonse latsopano ku Australia. Ndi ya achinyamata, ili pansi pa bungwe loulutsa mawu la boma la ABC, idayambira ku Sydney mu 1975, ndipo lero imamveka dziko lonse. Siulutsa malonda, choncho siopa kuseweretsa nyimbo ya anyamata osadziwika. Chaka chilichonse omvera ake amavotera nyimbo 100 zomwe azikonda koposa, mndandanda wotchedwa Hottest 100, ndipo nyimbo ya Tame Impala yotchedwa Half Full Glass of Wine idalowa mumndandanda wa 2008. Mnyamata wa ku Perth adamveka ku Sydney, ku Hobart ndi ku Darwin asadasamuke kwawo.

Tsopano kudatsala chimbale chenicheni. Woimba wina aliyense wongosaina kumene akadathamangira situdiyo yapamwamba ya ku Sydney kapena ku London. Ku London Parker adapitako ndithu, koyambirira kwa 2009, n'kukajambula nyimbo mu situdiyo ya Toe Rag, yotchuka ndi zipangizo zakale. Koma chimbalecho adafuna kuchijambula monga adazolowera, payekha, popanda wotchi yowerenga maola a lendi ya situdiyo.

Malo omwe adasankha ndi nyumba yamatabwa yotchedwa Wave House, ku Injidup, makilomita oposa 250 kummwera kwa Perth, m'dera la Margaret River lodziwika ndi minda ya mphesa ndi mafunde akuluakulu omwe anthu amasewerapo ndi matabwa. Nyumbayo ili pamtunda, mawindo ake akuyang'ana kunyanja. Idamangidwa m'zaka za m'ma 1980 kuti oimba azikajambulirako kutali ndi phokoso la m'tauni. Parker adakhalako kuyambira Juni mpaka Ogasiti 2009. Miyezi imeneyi ndi yozizira monganso kuno, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira yomweyo, ndi mphepo yamkuntho yochokera kunyanja. Denga la nyumbayo linkadontha. Magetsi ankathima mosayembekezereka, ndipo nthawi zina ankathima ng'oma zitajambulidwa kale koma zisadasungidwe, ntchito yonse n'kupita pachabe. Intaneti kudalibe, wailesi yakanema kudalibe.

Sadali yekhayekha: Tim Holmes wa gulu la ku Britain la Death in Vegas adabwera kudzamuthandiza pa zipangizo. Simper ndi Watson nawo ankabwera. Koma ntchito yambiri idali ya munthu mmodzi woyenda uku ndi uku m'chipinda: kudina batani lojambulira, kuthamangira pampando wa ng'oma, kuimba, kubwerera kukamvetsera, kufufuta, kuyambiranso. Chaka chomwecho cha 2009 bambo ake adamwalira ndi khansa. Munthu yemwe adamuphunzitsa gitala n'kumuletsa kudyera nyimbo sadakhale ndi moyo kuti achione chimbalecho chili m'sitolo.

Nanga chimamveka bwanji? Akatswiri amachiika m'gulu la nyimbo zotchedwa psychedelic rock, zomwe zidabuka ku Britain ndi ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nthawi ya The Beatles, Cream ndi Jimi Hendrix. Oimba a nthawi imeneyo ankafuna kuti nyimbo imveke ngati maloto, zida zikusungunuka n'kulowana, ndipo n'zosabisa kuti ambiri a iwo maganizo amenewa ankawatenga ku mankhwala ozunguza bongo. Owerenga a ku Zambia omwe akukumbukira WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family sadzachiona chachilendo chimbalechi. Magulu a Zamrock a zaka za m'ma 1970 aja adamwa pachitsime chomwecho cha Hendrix ndi Cream, ndipo gitala yokhadzula ija, yomveka ngati sipikala yang'ambika, ili ponseponse mu Innerspeaker. Parker yekha amatchulanso gulu la ku Sweden la Dungen kuti lidamuphunzitsa zambiri.

Chinsinsi cha magitala ake chili pansi, pamapazi. Woimba gitala ya magetsi amadutsitsa mawu ake m'timabokosi tachitsulo topondedwa ndi phazi asadafike ku sipikala, ndipo kabokosi kalikonse kamasintha mawuwo mwanjira yake. Kena kamawakhadzula, kena kamawabwereza ngati kuphanga. Komwe Parker ankakakonda kwambiri ndi kotchedwa phaser, komwe kamachititsa kuti mawu azikwera ndi kutsika mozungulira, monga zimamvekera nyimbo za paukwati wa kutsidya kwa dambo mphepo ikamazibweretsa n'kuzibwezanso. Nyimbo yotsegulira chimbalechi, It Is Not Meant to Be, imayamba ndi gitala yotereyi, besi ndi ng'oma n'kulowa, ndipo pamadutsa nthawi yoposa mphindi yathunthu woimba asadatsegule pakamwa. Pa chimbale choyamba kumeneku n'kulimba mtima, chifukwa wailesi zambiri zimafuna mawu amveke msanga omvera asadasinthe siteshoni.

Omvera ambiri ankalumbira kuti akumva kiyibodi pa nyimbo ngati Alter Ego. Idali gitala, yodutsitsidwa m'kamakina ka Boss kaja mpaka kusiya kumveka ngati gitala.

Koma mtima wa chimbalechi ndi ng'oma. Apa ndi pomwe zimaonekera kuti mwini wake adayamba ndi ndodo za ng'oma asadagwire gitala. Mu situdiyo zamakono ng'oma iliyonse imapatsidwa maikolofoni yakeyake kuti imveke yoyera. Parker ankaika maikolofoni ochepa, kenako n'kupanikiza mawuwo ndi makina otchedwa compressor, omwe amatsitsa mawu okwera n'kukweza otsika. Mukawapanikiza kwambiri, ng'oma zimamveka zonenepa, zafumbi, ndipo mbale zachitsulo zija zimachita ngati zikupuma pakati pa kugunda kulikonse. Kaimbidwe kakenso sikongosunga nthawi. Ng'oma za Parker zimagubuduzika, kubwereza kachidutswa kamodzi mosatopa, ndipo munthu amapezeka akugwedeza mutu ngakhale magitala ali m'mitambo. Oimba a hip-hop, omwe makutu awo amasaka ng'oma zabwino kulikonse, adazimva msanga. Mu 2018 A$AP Rocky adatenga chidutswa cha nyimbo ya m'chimbalechi, Why Won't You Make Up Your Mind?, n'kumangapo nyimbo yake ya Sundress.

Mawu a woimba ali kumbuyo, okutidwa ndi zida, ndipo pafupifupi wolemba aliyense adawafanizira ndi a John Lennon. Zomwe akuimbazo n'za munthu wolankhula ndi mtima wake: kukayika, kukonda mtsikana yemwe ukudziwa kuti simungayenderane, kudzifunsa ngati anzako amakuona monga umadzionera. Nyimbo yomwe idatsogola pa wailesi mu Epulo 2010, Solitude Is Bliss, ndi ya munthu wonyadira kukhala yekha, wouza anthu kuti m'mutu mwake muli zokwanira. Kwa ife okulira m'mudzi momwe munthu wodzitsekera m'nyumba amafunsidwa ngati akudwala, uthenga wotere umadabwitsa. Koma achinyamata ambiri a m'mizinda ya kunja adaumva ngati wawo.

Atabwerera ku Perth, Parker adayesa kusakaniza yekha mawu a chimbalecho, ntchito yomwe oimba amati kumiksa. Ndi ntchito yolinganiza mizere yonse ija, kuti besi isamize ng'oma, gitala isabise mawu, chida chilichonse chipeze malo ake kumanzere kapena kumanja. Apa munthu wochita zonse yekha uja adagwira njakata. Nyimbo zinkamveka zabwino m'mutu mwake koma pa sipikala zinkatuluka zopyapyala, zopanda mphamvu yomwe ankaifuna. Adavomera kuti pafunika makutu ena. Ntchitoyo idapita kwa Dave Fridmann, katswiri wa ku America yemwe situdiyo yake ya Tarbox Road ili kumudzi, ku Cassadaga m'chigawo cha New York, ndipo amadziwika ndi zimbale za The Flaming Lips, Mercury Rev ndi MGMT. Fridmann saopa phokoso. Pomwe ena akadachapa nyimbozo kuti ziyere, iye adasiya fumbi lake n'kuzikulitsa, kotero kuti zojambulidwa m'nyumba yodontha zidayamba kumveka ngati zadzaza bwalo. Anthu okonda kusimba nkhani ya mnyamata wanzeru wochita zonse yekha amaiwala dzanja limeneli, koma popanda ilo Innerspeaker ikadakhala chimbale chabwino cha kuchipinda, chomvedwa ndi anzake ochepa.

Chikuto chidakonzedwa ndi Leif Podhajsky, mmisiri wa zojambula wa ku Australia. Adatenga chithunzi cha mapiri a Great Smoky Mountains a ku America n'kuchibwereza m'kati mwa icho chokha, chaching'ono m'kati mwa chachikulu, mpaka diso likumira pakati. Munthu akachiona amadziwiratu mtundu wa nyimbo zomwe zili m'katimo.

Chitatuluka, chimbalecho chidafika pa nambala 4 pamndandanda wa ARIA wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Australia. Mu Juni chidatulukanso ku America ndi ku Britain. Tsamba la Pitchfork la ku America, lomwe masiku amenewo likayamikira gulu la indie ndiye kuti layenda, lidachipatsa 8.5 pa 10. Anyamatawo adayenda m'mizinda ya ku America akutsegulira MGMT. Kumapeto kwa chaka triple j idachipatsa mphoto yake ya J Award ngati chimbale chopambana cha ku Australia mu 2010. Pa mphoto za ARIA chaka chomwecho adasankhidwa kupikisana nawo m'magawo angapo, kuphatikizapo la gulu lopambana, koma adabwerako chimanjamanja: ya chimbale idapita kwa Angus ndi Julia Stone, ya gulu kwa The Temper Trap.

Sikuti chimbalechi chilibe zilema. Chimatenga mphindi zoposa 50, ndipo chakumapeto chimayamba kulemera. Runway, Houses, City, Clouds imadutsa mphindi 7, ndipo ngakhale gawo lake lomaliza ndi lokoma, si aliyense angadikire kuti afikeko. The Bold Arrow of Time imamveka kwambiri ngati Cream, moti munthu ukhoza kuiwala kuti ukumvera chimbale cha 2010. Mawu nthawi zambiri samveka bwino, ndipo zikuoneka kuti woimbayo ankawabisa dala. Odzudzula ena adati mnyamatayu wangofukula zovala za agogo ake n'kuvala. Chidzudzulo chimenechi chili ndi mbali yoona, koma chimaphonya kanthu. Magulu a m'ma 1960 ankaimba pamodzi m'chipinda, akuyang'anizana. Parker ankamanga nyimbo zake mzere ndi mzere, kubwereza chidutswa chimodzi n'kumasanjikapo zina, momwe amachitira opanga nyimbo za pa kompyuta. Zida zidali zakale, kamangidwe kadali katsopano, ndipo n'chifukwa chake patapita zaka sadavutike kusiya magitala n'kulowa nyimbo zovina.

Za ndalama zidamuyendera mokhota. Mu 2015, zimbale zake zitagulidwa kale m'mayiko ambiri, Parker adauza omutsatira pa intaneti kuti kwa nthawi yaitali sadalandire ngakhale dola imodzi pa zimbale zogulitsidwa kunja kwa Australia. Chaka chomwecho kampani ya BMG, yomwe inkayang'anira umwini wa nyimbo zake, idasumira Modular ndi ena kukhoti ku New York, ikufuna ndalama pafupifupi madola 450,000 a ku America. Mlanduwo pambuyo pake udachotsedwa m'khoti. Mwini nyimbo, panthawi yonseyo, ankadalira kwambiri zoimbaimba za pansanja, ndipo apa ndi pomwe anzake aja adali ofunika zedi. Munthu mmodzi akhoza kujambula zida zonse, koma sangaziimbe zonse nthawi imodzi pamaso pa anthu. Simper ndi Watson akhala naye pansanja kuyambira pachiyambi, ndipo nyimbo zomwe zidabadwira m'chipinda chotseka zidaphunzira kuyenda m'manja mwawo.

Zotsatira zake n'zodziwika kwa otsatira nyimbo za kunja. Lonerism ya 2012 idatenga mphoto ya ARIA ya chimbale chopambana yomwe Innerspeaker idaiphonya. Currents ya 2015 idafika pa nambala 1 ku Australia, ndipo Rihanna adatengamo nyimbo imodzi n'kuiimbanso pa chimbale chake cha Anti cha 2016. Chaka chomwecho ku London, pa mphoto za Brit Awards, Tame Impala idapambana ngati gulu labwino koposa la kunja kwa Britain, ngakhale pofika nthawiyo aliyense ankadziwa kuti mu situdiyo mumalowa munthu mmodzi. Mu 2019 adali mmodzi mwa oimba akuluakulu otseka usiku pa chikondwerero cha Coachella ku California. Nyumba yodontha ija adaigula mu 2020, ndipo mu Epulo 2021, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a oimba, iye ndi anzake adaimbiramo chimbale chonse cha Innerspeaker kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, anthu akuonera pa intaneti.

Achinyamata ambiri omwe amadziwa Tame Impala lero adaidziwira pa nyimbo zosalala za Currents, ndipo akabwerera ku chimbale choyambachi amadabwa ndi ukali wa magitala ake. Mukafuna kuchiyesa, musachimvere pa sipikala ya foni, chifukwa besi ndi kuzungulira kwa magitala zimatayika. Pezani mahedifoni, yambani ndi Alter Ego, ndipo ulendo woyamba tsatirani ng'oma zokha.